Chipewa cha Kazitape

Mapalo, tsitsa foniyo undiyang'ane. Nawenso Dalitso, leka kundiseka chifukwa ndafunsa kawiri kuti mayi mukundionetsayo ndani. Mwati Kabwe yense akudziwa kuti ndi wakuba ana, poti vidiyo yake ili m'foni ya aliyense, nkhope yake ataizunguliza ndi mzere wofiira, kumbuyo kukulira kanyimbo koopsa. Ndafunsa dzina lake, simukulidziwa. Ndafunsa kuti anaba mwana wa yani, mwangoti, "Ambuya, imwe simungamvetse, ili trending."

Ine osamvetsa? Ana inu mumandiona ndikusankha nyemba pakhonde n'kumaganiza kuti ndinabadwa ndi imvi. Ntchito yoopseza anthu ndi nyimbo ndinaigwira ine amayi anu asanabadwe, ndipo ndinkaidziwa bwino. Yang'anani pamsomali kuseri kwa chitsekocho. Chipewa chakudacho, chimene munafuna kuchitaya kudzala pokonza m'nyumba nthawi ya Khirisimasi, chinatsala pang'ono kundilanda mwamuna. Chikanapambana, inu nonse simukanakhalapo, ndipo ashikulu anu, agogo aamuna aja akuwodzera pansi pa mango akanakalambira kwina.

Atate anga, a Banda, anachokera ku Katete ali mnyamata, atanyamula bulangete ndi kolona yopempherera basi. Anapeza ntchito kuwekishopu ya njanji, kukonza maboila a sitima za malasha, ndipo ife tinakulira kukomboni ya Railways, m'nyumba zofanana ngati mazira. Nthawi tinkaidziwira ku huta ya kuwekishopu. Ikalira masana amayi ankadziwa kuti madzi osamba akhale pamoto. Malaya a atate tinkasita ndi simbi ya makala, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pakolala, tsiku limenelo m'nyumba simusekedwa. Anali munthu wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo, woyenda chowongoka ngati njanji imene ankaitumikira. Chuma chawo chonse chinali dzina labwino, ndipo ankalisamala kuposa njinga yawo.

Nditafika pa msinkhu wokwatiwa, kutsidya kwa Zambezi kunali nkhondo. Abale athu kumeneko ankamenyera ufulu, dziko lathu linawasunga, ndipo ndege za adani zinkabwera kudzaphulitsa misasa ndi milatho kuno kwathu. Zimenezi sizinali za m'sewero ayi, anthu anafa ndithu. Malire anatsekedwa, sopo anasowa, mafuta ophikira anasowa. Munthu ukaona mzere pa shopu unkayamba waimapo, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Tsiku lina ndinaima m'mawa wonse poganiza kuti ndi shuga, n'kubwerako ndi polishi wa nsapato. Dzuwa likalowa tinkapachika mabulangete m'mawindo kuti kuwala kusaoneke kumwamba, ndipo kuyenda kunali koletsedwa. N'chifukwa chake zosangalatsa zonse, magule ndi masewero, zinkachitika masana dzuwa likuswa mtengo.

Nkhondo ina inali m'wailesi. Ya adani inkayamba ndi nyimbo zokoma zovinira, zoti phazi limagwedezeka lokha, kenako mawu ofatsa n'kumatiuza kuti tikuvutikira anthu osayamika, tiwathamangitse kuti sopo abwerere. Yathu nayo inkayankha ndi nyimbo zake. Iwo ankati apambana, ife tinkati tapambana, ndipo tonse tinkadya ndiwo zopanda mafuta. Ngakhale zitenje zinalowa usilikali. Mayi ankabereka mwana ndi nsalu yolembedwa mawu a nkhondo, mwanayo n'kukodzera pomwepo.

M'nyengo imeneyo kunabwera bambo wina kudzayambitsa gulu la masewero kuholo ya ku Railways. Tinkawatchula kuti Ba Mwape. Anali wamfupi, wa sefari suti yosita bwino, wodziwa kulankhula moti akakupempha mpando unkawapatsa ndi tebulo lomwe. Ine ananditenga kuchokera kukwaya ya kutchalitchi chifukwa mawu anga ankafika kumsika popanda chokuzira mawu. Ndikhale woona, bambo ameneyu ntchito yake ankaidziwa, ndipo ndinkamusirira. Ankati nyimbo ya nkhondo ikhale yaifupi, yoti mwana aigwire akaimva kamodzi, ndipo muibwereze mpaka munthu aziimba akutsuka mbale osadziwa kuti akuimba. Ankati yambani mwawaopseza anthu, mitima ikakwera muwaonetse munthu mmodzi woti amukwiyire. Masewero asanayambe ankamwaza anyamata ake pakati pa anthu, wina apa wina apo, kuti iwo ayambe kukuwa ndi kuwomba m'manja, poti munthu akamva mnzake wakuwa naye amatsegula pakamwa.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene mdani wa m'sewero lathu analibe dzina. Anandiyankha m'Chinyanja chawo cha m'tauni kuti, "Mudani sakhala na zina, sakhala na bamai bake. Ukamupasa bamai, bantu bazamumvelela chifundo. Mupase chabe chisote."

Chisotecho ndi chipewa chili pamsomalicho.

Sewero lathu linali la kazitape, munthu wogulitsa dziko, amene amayendayenda kufunsa kuti sitima ya katundu idutsa liti, kenako n'kukanong'oneza adani. Ankavala chipewa chakuda, magalasi akuda ndi jasi lalitali ngakhale mu Okutobala. Mayi wina ankalira ndi chidole kumsana kuti mlatho waphulitsidwa, anthu n'kugwidwa chisoni, kenako kazitape n'kutulukira akunyang'ama. Pamenepo ine ndinkayambitsa nyimbo, ng'oma ikugunda. Ndikati, "Wachipewa uyo ndani?" anthu onse ankayankha, "Kazitape!" Ndikati, "Timuchite chani?" iwo, "Mugwire!" Amayi a m'gulu n'kumuthamangitsa ndi matsache mpaka kugwa, holo yonse n'kuimirira.

Kazitapeyo anali Dominiko, ashikulu anuwa. Musaseke. Panthawiyo anali ndi tsitsi, wamtali, wowonda, wopaka utoto mabogi a sitima kuwekishopu. Anamusankha chifukwa cha kutalika basi. Munthu wake ndi yemweyu mukumudziwa, amene mpaka lero nkhuku ikafuna kuphedwa amakumbukira kuti ali ndi ulendo. Koma akavala chipewa ankasinthika, mpaka ine amene ndinkamukonda ndinkamva tsitsi kuimirira. Tinkabwerera limodzi kuchokera kuholo, iye akukankha njinga, ine ndikuyenda mbali inayo kuti anthu asanene. Ankhoswe ake anabwera kwathu, atate anafufuza mtundu wake ku Chadiza, anapeza kuti ndi anthu opemphera, anavomera. Tinalembetsa ukwati kwa wansembe.

Zinthu zinaipa Ba Mwape atabweretsa wojambula zithunzi. Anamujambula Dominiko atavala za m'sewero, magalasi atawatsitsira pamphuno kuti maso aoneke, n'kusindikiza mapositala ambirimbiri. Pansi pake analemba m'zinenero zitatu kuti, "Chenjera, akhoza kukhala mnansi wako." Sanalembepo kuti ndi sewero. Anawamata ndi phala la chinangwa kusiteshoni, kumsika, pazipupa za mabawa, pamitengo ya ku Highridge, mpaka ku Chililalila kumene gulu lathu linali lisanafikeko n'komwe.

A kuwekishopu ankamudziwa, ankangomuseka. Koma tauni si wekishopu. Mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta akamuona ankavundikira kapenta wake ndi saka. Ana ankamutsatira akuimba nyimbo yanga yomwe ija, ndi mawu anga omwe. Tsiku lina atapita kukaona azakhali ake ku Chililalila, anyamata anamuzungulira, anamung'ambira malaya, wina atatola kale njerwa. Anapulumuka chifukwa mnzake wa kuntchito ankadutsa pa njinga. Anabwera kwathu mlomo utatupa, n'kumandiuza kuti wagwa. Ndinalira ndi mkwiyo, osati ndi chisoni.

Anapita kwa Ba Mwape kukapempha kuti asiye sewero ndiponso kuti mapositala achotsedwe. Iwo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti kumenyedwako ndi umboni woti uthenga wafika, ndipo munthu wosiya ntchito ya dziko pakati pa nkhondo anthu adzafunsa kuti wamutuma ndani. Mwaona msamphawo? Akapitiriza ndi kazitape, akasiya ndi kazitape.

Inu a masiku ano mumakwatirana pafoni, ife kwathu ku Katolika ukwati unkalengezedwa m'tchalitchi Malamulungu atatu otsatizana, kuti wodziwa choletsa akanene. Anthu ankakanena mwakachetechete kwa wansembe. Koma Lamulungu lachiwiri, mayina athu atangowerengedwa, mayi wina wachikulire wa ku Chililalila, amai Zulu, anaimirira pakati pa tchalitchi. Ananena kuti mnyamatayo ndi uja wa pachithunzi, ndipo iwo sangakhale chete mwana wa a Banda akuperekedwa kwa wogulitsa dziko. Musawaone ngati opusa. Mwana wawo anali msilikali kumalire, miyezi inali itapita osamva za iye, ndipo tsiku lililonse popita kumsika ankadutsa pa nkhope ija. Wansembe anafotokoza kuti ndi sewero chabe, koma anthu anali atatembenuka kale kuyang'ana atate.

Atate sanadye tsiku limenelo. Pakati pa sabata anandiitana, ndinagwada pakhomo la chipinda chochezera, iwo n'kunena osandiyang'ana.

"Sesiliya, ndidziwa kuti mnyamatayo alibe mlandu. Koma dzina likamatirira silichoka. Ana ako adzatchedwa ana a kazitape, ndipo ine sindinachoke ku Katete kudzabala zimenezo. Loweruka ndikaweruka ku msonkhano, ndipita kwa abambo wansembe kukaimitsa ukwatiwo."

Msonkhano umene ankanenawo unali wathu womwe. Loweruka limenelo masana sewero linkachitikira pabwalo la mpira, ndipo antchito onse a kuwekishopu anauzidwa kuti apezekepo, pamodzi ndi anthu a m'makomboni onse. Atate anali asanaonerepo sewero lathu, ankati ndi zachibwana, koma lamulo la kuntchito sankaliphwanya. Ndinawerenga masiku n'kuona kuti ndatsala ndi nyimbo imodzi yokha.

Kutsutsana ndi atate sikunali kotheka, ndipo kufotokozera tauni yonse khomo ndi khomo kukananditengera zaka. Ndinaganiza kuti ngati Ba Mwape anamanga munthu ndi chipewa, nyimbo ndi anyamata omwazika, ine ndimumasula ndi zomwezo. Ndinayamba ndi kumpopi. Ana inu madzi mumatsegula m'nyumba, simudziwa kuti mpopi wa pamzere unali wailesi yoposa zonse ziwiri zija. Ndinanong'oneza anzanga a kukwaya kuti Loweruka amwazikane pakati pa anthu, wina apa wina apo, ndipo chilichonse ndingaimbe ayankhe mokweza. Woimba ng'oma ndinamuuza kuti asaleke kugunda ngakhale aone zachilendo. Dominiko sindinamuuze kanthu, chifukwa akanachita mantha n'kudwala m'mimba.

Loweruka bwalo linadzaza. Akuluakulu anakhala pamipando kutsogolo, Ba Mwape pakati pawo, atate chakumapeto atavala jekete yawo ya ku Misa. Amai Zulu ndinawaona atakhala pansi pa chitenje pafupi ndi golo. Sewero linayenda monga mwa masiku onse. Mayi wa chidole analira, kazitape anatulukira, anthu anakuwa, matsache anagwira ntchito, Dominiko anagwa m'fumbi. Apa m'pamene sewero linkathera.

Ine sindinaleke. Ndinawerama, ndinavula chipewa pamutu pake, n'kuchivala ndekha. Ndinayenda chonyang'ama ngati iye, n'kuimba, "Wachipewa uyo ndani?"

Bwalo lonse linayankha, "Kazitape!"

Pakamwa panali patazolowera, mutu usanaganize. Ena anayamba kuseka atazindikira kuti akukuwira mtsikana wa kukwaya. Ndinabwerezanso, anayankhanso chimodzimodzi, mokweza kuposa poyamba. Ndinaponya diso kwa atate. Nkhope yawo inali itauma, chifukwa kwa nthawi yoyamba anamva khamu la anthu likutchula mwana wawo dzina lija.

Kenako ndinavina mpaka pamipando, n'kukhazika chipewacho pamutu pa Ba Mwape. Ndinafunsa funso langa, ndipo anthu anayankha ndi chimwemwe chimene sindinachimvepo, anyamata awo omwe akutsogolera, poti anaphunzitsidwa kukuwa akaona chipewa, osati kuyang'ana amene wavala. Bambo uja anaseka ndi mano okha, thukuta likutsika m'khosi. Kukwiya sakanatha, akuluakulu anzake anali akuwomba m'manja poganiza kuti iye ndiye wakonza zimenezi.

Tsono panatsala povuta. Mwana wamkazi sagwira mutu wa atate ake, ngakhale m'sewero. Ndinatenga chipewa, ndinayenda mpaka pamene anakhala, ndinagwada m'fumbi, n'kuchipereka ndi manja awiri monga timaperekera madzi akumwa. Ng'oma inkagundabe. Akanangoyang'ana kumbali, ukwati unali utatha, ndipo ine ndikanakhala mtsikana amene anachititsa manyazi atate ake pamaso pa wekishopu yonse.

Anandisiya chogwada nthawi yaitali, mpaka mawondo anayamba kuwawa. Kenako anachilandira, anachikuntha fumbi, anachivala, n'kuimirira chowongoka.

Ndinaimba, "Wachipewa uyo ndani?"

Awiri atatu anayamba "Kazi..." n'kumeza. Ndani akanatchula a Banda dzina limenelo, munthu amene ananyamula maliro a theka la Railways? Bwalo linakhala chete, ng'oma yokha ikulira. Anzanga a kukwaya anasokonezeka. Amene anayankha ndi amai Zulu, ali pachitenje chawo paja, ndi mawu a munthu wodabwa.

"Amenewo ni a Banda. A Banda a ku maboila."

Ndinalumphira pomwepo. Ndinafunsanso, anzanga anagwira, "A Banda!" Kachitatu bwalo lonse linali likuyankha. Atate anavula chipewa n'kupatsa mnzawo wa pambali, ndinafunsa, anthu anatchula dzina lake. Chinayenda mzere wonse, chinalowa m'khamu, chinavalidwa ndi ogulitsa makala, aphunzitsi, amayi oyembekezera, ndipo aliyense anthu ankamutchula dzina, osamudziwa ankafunsa kwa oyandikana nawo. Nyimbo inali yomweyo, ng'oma yomweyo, koma tsopano inkagwira ntchito yobweza mayina. Chitafika kwa amai Zulu anachigwira nthawi yaitali osachivala, kenako anadzuka, anayenda okha mpaka pamene Dominiko anali atakhalabe m'fumbi kukamwa kuli yasa, n'kumuveka.

Apa ndinaopa. Chipewa chinali chitabwerera pa nkhope ya pa positala. Ndinakoka mpweya kuti ndifunse, koma atate anakweza dzanja, ng'oma inaleka. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anamudzutsa Dominiko, anamuvula magalasi akuda aja n'kuwaika m'thumba la jekete. Ananditembenukira n'kunena kuti, "Funsa."

Ndinafunsa popanda ng'oma, "Wachipewa uyo ndani?"

Atate anayankha okha, ndi mawu amene ankawerengera Mawu a Mulungu m'tchalitchi.

"Uyu ni Dominiko, mwana wa a Tembo a ku Chadiza. Mkamwini wanga."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo, ana inu, sitima ikanadutsa sitikanaimva. Ine ndinangokhala pansi n'kulira ngati mwana, chitenje chonse fumbi. Ndinali nditapambana, ndipo ndinadziwa kuti ndapambana.

Mawa lake ukwati unalengezedwa kachitatu. Atate anayenda kuchokera ku Railways mpaka kutchalitchi atavala chipewa chija, akupereka moni kwa aliyense, n'kuchivula pakhomo monga mwa ulemu. Palibe anaimirira. Mapositala anayamba kutha okha, ena amayi a kumsika anakulungira kapenta, ena mbuzi zinadya chifukwa cha phala la chinangwa lija. Ba Mwape anauza akuluakulu kuti mathero atsopanowo anawaganiza ndi iwo, ndipo ine sindinawatsutse, chimene ndinkafuna ndinali nditachipeza. Sewero linapitirira mpaka nkhondo itatha, koma kazitape ankavala chigoba cha katoni kumaso, ndipo ankasinthana. Mwana wa amai Zulu anabwerako wamoyo, akutsimphina pang'ono, ndipo mayiwo ndi amene anandiphikira thobwa la paukwati.

Sindikunena kuti nyimbo zathu zonse zinali zabodza. Akazitape enieni analipo, milatho inagwadi, ndipo nyimbo zina zinatilimbitsa mitima pamene m'mimba munalibe kanthu. Koma kazitape weniweni sankavala chipewa chakuda, ndipo ine ndinaona ndi maso anga njerwa itatoledwa chifukwa cha chithunzi. N'chifukwa chake mayi wa m'foni yanuyo sindimukuwira nawo. Mzere wofiirawo ndaudziwa, kanyimboko ndakadziwa, ndipo anyamata omwazika m'khamu masiku ano ndi inuyo, amene mumatumiza kwa anzanu musanafunse. Mapalo, usaitumize. Ukapeza dzina lake ndi kwawo, ubwere undiuze, tikambirane.

Dalitso, dzuwa lasuntha, lafika padazi la ashikulu ako. Tenga chipewacho pamsomali, uchikunthe fumbi, ukawaveke pang'onopang'ono asadzuke. Mawu anga anatha, sangafikenso kumsika, koma pa mango apo afika. Ndikafunsa kuti wachipewa uyo ndani, muyankhe nonse, ndipo mutchule dzina lake lonse.